Masamu a makadi awiri oyamba mu poker akakana kugwirizana

Dandaulo la osewera poker pa mwayi wopambana wa makadi awiri oyamba limabwera m'njira ziwiri. Wina amati, "Ndawerengera ndekha papepala, koma nambala yanga ikusiyana ndi ya pa tchati chomwe ndapeza pa intaneti." Wina amati, "Tchati chikuti ma A awiri amapambana maulendo 85 pa 100, nanga bwanji ine ndaluza nawo katatu mwezi uno wokha?" Onse awiri amafika poganiza kuti mwina tchaticho n'chabodza, kapena wogawa makadi akuchita zachinyengo. Pa mapepala ambiri omwe anzanga andionetsa, vuto silinali tchati, ndiponso silinali kulephera kuchulukitsa. Munthu amakhala kuti wayankha bwinobwino funso lina, pomwe tchati chikuyankha funso linanso.

Nambala iliyonse ya mwayi wopambana ili ndi mafunso atatu kumbuyo kwake: mukulimbana ndi anthu angati, anthuwo angakhale ndi makadi otani, ndipo kodi nonse mufika mpaka pa khadi lomaliza? Likasintha limodzi mwa atatuwa, nambala imasinthanso. Zonse zili m'munsimu ndi za Texas Hold'em, momwe aliyense amalandira makadi awiri obisa, kenaka pakati pa tebulo pamaikidwa makadi asanu a onse: atatu oyamba omwe amatchedwa flop, lachinayi la turn, ndi lomaliza la river.

Ngati mwalakwitsa kale pa funso lakuti "makadi amenewa amabwera kangati?"

Yambirani pano nthawi zonse, chifukwa cholakwika cha pano chimalowerera m'masamu onse otsatira.

Paketi ili ndi makadi 52. Khadi loyamba lingakhale lililonse mwa 52, lachiwiri lililonse mwa 51 otsala. Kuchulukitsa 52 ndi 51 kumapereka 2,652, koma kulandira A♠ kenaka K♥ n'chimodzimodzi ndi kulandira K♥ kenaka A♠, ndiye timagawa pawiri. Njira zonse zolandirira makadi awiri ndi 1,326.

Matchati ambiri amaonetsa timabokosi 169, mizere 13 chopingasa ndi 13 chotsika. Apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Amaganiza kuti popeza ma A awiri ali ndi kabokosi kamodzi pa 169, ndiye kuti amabwera kamodzi pa maulendo 169. Ayi ndithu. Timabokosito sitilemera mofanana. Makadi awiri a nambala imodzi, monga A ndi A, omwe timati peya, amapangika m'njira 6. Makadi a nambala zosiyana koma chizindikiro chimodzi, omwe osewera amati suited, monga A♠ ndi K♠, amapangika m'njira 4 zokha, imodzi pa chizindikiro chilichonse. Makadi a nambala zosiyana ndi zizindikiro zosiyana, a offsuit, amapangika m'njira 12.

Yesani motere kuti muone ngati mwawerenga bwino. Mapeya alipo 13, kuchulukitsa ndi 6 ndi 78. A suited alipo 78, kuchulukitsa ndi 4 ndi 312. A offsuit alipo 78, kuchulukitsa ndi 12 ndi 936. Mukaphatikiza 78, 312 ndi 936 muyenera kupeza 1,326. Ngati pepala lanu silikufika pamenepa, musapitirire.

Ndiye ma A awiri ndi 6 pa 1,326, komwe kuli kamodzi pa maulendo 221. Kulandira peya, mosayang'ana kuti ndi ya nambala iti, kumachitika kamodzi pa maulendo 17. A ndi K pamodzi, mosayang'ana zizindikiro, ndi njira 16, pafupifupi kamodzi pa maulendo 83.

Palinso kamsampha ka chinenero chathu chomwe. Mawu akuti mtundu timawagwiritsa ntchito pa kufiira ndi kuda, komanso pa gulu la chinthu. Ndinaonapo munthu akuwerenga ♥ ndi ♦ ngati suited poti onse ndi ofiira. Mu poker kufiira kapena kuda kulibe ntchito. Zizindikiro zilipo zinayi, chilichonse chili ndi makadi 13, ndipo makadi a suited amabwera pafupifupi maulendo 23.5 pa 100, osati theka la nthawi.

Ngati tchati chikuti 85 koma pa tebulo panu sizikuoneka choncho

Ma A awiri ali ndi mwayi wa 85 peresenti akamalimbana ndi munthu mmodzi yekha, yemwe makadi ake ndi ongotola mwachisawawa, ndipo onse awiri afika mpaka pa river popanda wotaya makadi. Nambalayo ndi yoona, koma ndi ya malo amenewo basi.

Akalowa anthu awiri olimbana nanu, mwayi umatsika kufika pa 73. Atatu, 64. Anayi, 56. Asanu, 49, kutanthauza kuti makadi amphamvu kuposa onse m'paketi tsopano akuluza kawirikawiri kuposa momwe akupambanira. Pa tebulo la anthu khumi, onse atakhalabe m'masewero mpaka kumapeto, ma A awiri amapambana pafupifupi maulendo 31 pa 100.

Masewero a kunyumba ndi anzathu nthawi zambiri amakhala otere: palibe amene amafuna kutaya makadi asanaone flop, aliyense amangolipira kuti aone. Wokhala ndi ma A awiri amalowa ndi 85 m'mutu, pomwe nambala yake yeniyeni ili cha m'ma 50. Si tchati chomwe chanama.

Komabe musaione 31 ija ngati yochepa. Pa anthu khumi, gawo la aliyense likanakhala 10 peresenti. Kukhala ndi 31 n'kukhala ndi gawo la anthu atatu, mutalipira la munthu mmodzi.

Okonda masamu amalakwitsa mwa njira ina pano. Amatenga 0.85 n'kuichulukitsa yokha kasanu ndi kanayi, poganiza kuti kugonjetsa anthu asanu ndi anayi n'kugonjetsa munthu mmodzi maulendo asanu ndi anayi motsatizana. Yankho limabwera 23 peresenti, lomwe ndi lotsika kwambiri poyerekeza ndi 31. Kuchulukitsa kotereku kumagwira ntchito pa zinthu zosakhudzana, ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba kangapo. Koma pano onse akudyera mbale imodzi, makadi asanu a pakati aja. Pakagwa A wachitatu pa flop, sakukuthandizani kwa munthu mmodzi yekha, akukuthandizani kwa onse nthawi imodzi. Pakagwa makadi oipa, ngati 7, 8 ndi 9 a chizindikiro chimodzi chomwe inu mulibe, anthu angapo angakuposeni pamodzi, koma kuluza kumawerengedwa kamodzi kokha. N'chifukwa chake palibe njira yachidule yochokera pa nambala ya munthu mmodzi kufika pa ya anthu ambiri. Muyenera kuiwerengera payokha.

Kuchuluka kwa anthu kumasinthanso ndondomeko ya makadi omwe ali bwino kuposa ena. Aliyense amamva kuti 7 ndi 2 a offsuit ndiwo makadi oipitsitsa, ndipo pa tebulo lodzaza n'zoona. Koma mukakhala awiri okha, 7 ndi 2 ali ndi mwayi wa pafupifupi 35 peresenti, pomwe 3 ndi 2 ali ndi 32. Pa anthu awiri, khadi lalikulu lokha nthawi zambiri limakwanira kupambana, ndiye 7 amaposa 3. Pa anthu ambiri pamafunika straight (makadi asanu a manambala otsatizana) kapena flush (makadi asanu a chizindikiro chimodzi), ndipo 7 ndi 2 ndi otalikirana moti sangathandizane kupanga straight. Matchati awiri akasiyana pa zinthu ngati zimenezi, yang'anani pamwamba pake kuti chilichonse chinapangidwira anthu angati.

Ngati nambala yanu ndi ya "makadi aliwonse" pomwe mnzanuyo sasewera makadi aliwonse

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira, ndiye ndichedwapo pang'ono.

Muli ndi A♠ ndi K♥. Tchati chikuti 65 peresenti. Mwakweza kubetcha, ndipo bambo wina wofatsa, yemwe wakhala akutaya makadi usiku wonse, wakankhira ndalama zake zonse pakati. Kodi 65 ija ikugwirabe ntchito? Siikugwira ngakhale pang'ono. Ija inali yolimbana ndi njira zonse 1,225 zomwe munthu angalandirire makadi awiri pa 50 otsala, kuphatikizapo zinyalala ngati 9 ndi 3. Bambo ameneyu sangaponye zonse ndi 9 ndi 3. Tinene kuti mwamuona mokwanira moti mukudziwa kuti amatero akakhala ndi ma A awiri, ma K awiri, ma Q awiri, kapena A ndi K basi. Gulu la makadi lotereli ndi lomwe osewera amalitcha range.

Mwayi wa A ndi K a offsuit pa chilichonse mwa zinayizi uli motere: pa ma A awiri ndi pafupifupi 7 peresenti, pa ma K awiri 30, pa ma Q awiri 43, ndipo pa A ndi K anzake ndi pafupifupi 50, poti nthawi zambiri mumangogawana.

Cholakwika choyamba ndi kuphatikiza zinayizi n'kugawa ndi 4. Zimapereka 32.5, ndipo n'zolakwika, chifukwa zinayizi sizibwera mofanana.

Cholakwika chachiwiri ndi kuwerenga njira zake ngati kuti paketi ikadali yathunthu: 6, 6, 6 ndi 16. Mwaiwala kuti A mmodzi ndi K mmodzi ali m'manja mwanu. Ma A otsala ndi atatu, ndipo makadi atatu amapanga peya m'njira zitatu zokha. Ndiye ma A awiri ndi njira 3, ma K awiri njira 3, ma Q awiri njira 6 poti simunakhudze Q aliyense, ndipo A ndi K ndi 3 kuchulukitsa ndi 3, njira 9. Zonse pamodzi ndi 21.

Tsopano chulukitsani mwayi uliwonse ndi njira zake. 7 ndi 3 zipereka 21. 30 ndi 3 zipereka 90. 43 ndi 6 zipereka 258. 50 ndi 9 zipereka 450. Kuphatikiza zonse ndi 819, kugawa ndi 21 ndi 39 peresenti.

Taonani: makadi omwewo, m'manja momwemo, koma kuchoka pa 65 kufika pa 39. Palibe chomwe chasintha pa makadi anu. Chasintha ndi zomwe mwadziwa za mnzanu. Ineyo ndimaona kuti munthu amene wamvetsa ndime imeneyi waphunzira zambiri kuposa amene waloweza timabokosi tonse 169 pamtima.

Mapulogalamu aulere ngati PokerStove ndi Equilab amachita masamu amenewa m'kanthawi kochepa, ndipo amachotseratu okha makadi omwe ali m'manja mwanu. Koma sangakuuzeni range ya mnzanu. Imeneyo mumaikamo ndinu, kuchokera pa zomwe mwaona. Mukaikamo range yotakata poti mtima ukufuna kulipira, pulogalamu idzakupatsani nambala yomwe mtima ukufunayo. Ndimalangiza kuwerengera kawiri, kamodzi ndi range yopapatiza, kenaka ndi yotakata. Zonse zikaloza kumodzi, palibe chovuta. Zikasiyana, ndiye kuti funso lenileni si la masamu, ndi lakuti munthuyo mukumudziwa bwanji.

Mfundo yomweyi ndi imene imavulaza makadi ooneka bwino ngati A ndi Q kapena K ndi J. Pa makadi ongotola amaoneka amphamvu. Koma A ndi Q akakumana ndi A ndi K, mwayi wawo ndi pafupifupi 26 peresenti, chifukwa A akagwa pakati wathandiza nonse awiri, ndipo K wa mnzanu ndiye aweruza mlandu.

Ngati mwasokoneza "4 kwa 1" ndi "1 pa 4"

Ili ndi lalifupi. Mabuku ndi matchati a chingerezi amakonda kulemba mwayi ngati 4 kwa 1. Kutanthauza kuti kuluza kanayi, kupambana kamodzi, maulendo onse asanu. Imeneyo ndi 20 peresenti, osati 25. Phatikizani manambala awiriwo kaye musanagawe.

Chimodzimodzinso poyerekeza mwayi ndi mtengo. Tibwerere kwa bambo uja. Pakati pali K9,000 pamodzi ndi zomwe waponya iye, ndipo inu muyenera kuwonjezera K6,000 kuti mupitirire. Ambiri amagawa 6,000 ndi 9,000. Zolondola n'kugawa 6,000 ndi 15,000, chifukwa ndalama zanunso zilowa mu mulu womwewo. Yankho ndi 40 peresenti: umenewo ndiwo mwayi wochepetsetsa womwe mukufunika kuti kulipira kusakhale kotayitsa. Inu muli ndi 39. Zayandikana kwambiri, ndipo ngati mukusewera pamalo pomwe eni ake amadulapo kagawo pa mulu uliwonse, monga zimakhalira ku kasino ndi pa intaneti, kagawo kameneko kakukankhirani kumbali ya kutaya makadi.

Ngati mukusiyana ndi tchati ndi kagawo kakang'ono chabe

Kusiyana kwa theka la peresenti kapena peresenti imodzi kumachokera kawirikawiri ku zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kulepherana. Nthawi zina osewera awiri amakhala ndi makadi asanu amphamvu zofanana, n'kugawana ndalama. Matchati ena amalemba kupambana kokha, ena amawonjezera theka la kulepherana. Ma A awiri pa makadi ongotola amapambana 84.9 peresenti, amalepherana pafupifupi 0.5, ndiye gawo lawo lonse ndi 85.2. Pamenepa kusiyanako n'kochepa. Koma pa A ndi K olimbana ndi A ndi K anzake, kupambana kwenikweni n'kwa maperesenti owerengeka chabe, kwinako konse n'kugawana. Woiwala kulepherana adzaganiza kuti makadi akewo ndi achabechabe.

Chachiwiri ndi zizindikiro. A♠A♥ pa K♠K♥ ali ndi 82.6 peresenti. A♠A♥ omwewo pa K♦K♣ ali ndi 81.3. Poyamba paja, wa ma K alibe chiyembekezo cha flush, poti flush iliyonse yomwe angapange, wa ma A ali ndi khadi lalikulu la chizindikiro chomwecho. Tchati chikalemba 82, chatenga pakatikati pa njira zonse. Inu ngati mwayesa njira imodzi yokha, musadabwe kusiyana pang'ono.

Ngati masamu ali bwino koma mukuluzabe

Tsopano tifike kwa munthu uja woluza katatu ndi ma A awiri.

Tinene kuti nthawi iliyonse munali ndi 82 peresenti, ngati ma A awiri pa ma K awiri. Mwayi wopambana maulendo anayi otsatizana ndi 0.82 kuichulukitsa yokha kanayi, komwe kuli 45 peresenti. Apa kuchulukitsa n'kololedwa, chifukwa makadi amasakanizidwanso ulendo uliwonse. Ndiye pa maulendo anayi otere, kuluza kamodzi kapena kuposa apo ndi komwe kumayembekezeka kwambiri, 55 peresenti. Nambala ya 82 imanena yokha kuti pa maulendo 100 mudzaluza 18, ndipo siinalonjeze kuti 18 amenewo adzabwera motalikirana.

Nawo odandaula kuti ma A awiri sakubwera: mwayi wosawalandira pa maulendo 221 otsatizana ndi pafupifupi 37 peresenti. Pa maulendo 500 ndi pafupifupi 10 peresenti. Munthu mmodzi pa khumi alionse adzadikira motalika choncho popanda wina kubera. Ndipo kudikira sikuwayandikitsa. Paketi siikumbukira za dzulo.

Mbali inayo ya vuto lomweli ndi kukhulupirira makadi poti anakupambanitsanipo. Doyle Brunson anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas mu 1976 ndi mu 1977, ndipo maulendo onse awiri makadi ake omaliza anali 10 ndi 2. Mpaka lero osewera amatcha makadi amenewa ndi dzina lake. Koma 10 ndi 2 akadali makadi ofooka, ndipo tchati chilichonse chimawaika m'munsi. Zochitika ziwiri, ngakhale zikhale zotchuka motani, sizisuntha masamu a njira mamiliyoni.

Pali chinthu chinanso chomwe maperesenti sanena. Ma 2 awiri pa A ndi K a offsuit ali ndi mwayi wopitirira theka pang'ono, cha m'ma 52 kapena 53. Koma nambalayi ndi yoona pokhapokha ndalama zonse zitalowa kale flop isanabwere. Ngati kubetcha kukupitirira, flop ikabwera ndi J, 9 ndi 6, mnzanu n'kubetcha, inu ndi ma 2 anu mudzatani? Nthawi zambiri mudzataya, ngakhale kuti mwina munali patsogolo. Mwayi wa papepala suli wonse wanu ngati simungathe kufika nawo pa river. Wokhala pa mpando womaliza kulankhula amakolola gawo lalikulu la mwayi wake kuposa woyamba kulankhula, poti amaona kaye zomwe anzake achita.

Ndinene apa mosabisa, popeza ndimaidziwa njala ya munthu amene waluza ndipo akufuna kubweza. Masamu onsewa amachepetsa zolakwika, koma sachotsa njuga mu poker. Munthu angasewere molondola mwezi wathunthu n'kutsala wopanda kanthu. Ndalama ya lendi, ya fizi kapena ya fetereza isafike pa tebulo, ngakhale mutagwira ma A awiri.

Ngati vuto layambira pa flop

Ambiri amaweruza makadi oyamba poganizira zomwe angadzapange, ndipo manambala a pamenepa amakonda kukokomezedwa. Mukagwira makadi awiri, otsala osaoneka ndi 50, ndipo flop ingabwere m'njira 19,600.

Peya ya m'manja imapeza khadi lachitatu la nambala yake pa flop maulendo 11.8 pa 100, pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu ndi theka. Njira yosavuta yopezera nambalayi ndi kuwerenga kaye ma flop omwe alibe khadi lanu: pa makadi 48 osakuthandizani mumatuluka ma flop 17,296. Chotsani pa 19,600, otsala ndi 2,304. Wophatikiza 2 pa 50 katatu amapeza 12 peresenti, yomwe yayandikira koma yawerenga kawiri ma flop okhala ndi makadi anu onse awiri. Pa peya kusiyanako n'kochepa. Pa makadi ngati A ndi K, omwe ali ndi makadi 6 owathandiza, kuphatikiza kotereku kumapereka 36, pomwe zoona ndi 32.4.

Makadi a suited ndiwo amanyenga anthu koposa. Amapanga flush pa flop pomwepo maulendo osakwana limodzi pa 100, ndipo ngakhale mutadikira mpaka river ndi pafupifupi 6 pa 100. Kukhala suited kumawonjezera maperesenti awiri mpaka anayi basi pa mwayi wopambana. J ndi 4 a chizindikiro chimodzi akadali J ndi 4.

Lamulo lotchuka lopezera peresenti pochulukitsa makadi okuthandizani ndi 2 kukatsala khadi limodzi, kapena ndi 4 kukatsala awiri, lilinso ndi malire ake. Mukatsala ndi khadi limodzi kuti mupange flush, makadi okuthandizani ndi 9. Kuchulukitsa ndi 4 kumapereka 36, zoona ndi 35. Koma 4 ameneyu ndi wa munthu amene adzaona turn ndi river osalipiranso. Ngati mnzanu adzabetchanso pa turn, mukugula khadi limodzi lokha, ndipo mwayi wake ndi 9 pa 47, pafupifupi 19 peresenti. Makadi okuthandizani akachuluka, lamuloli limakokomeza: pa 15 limati 60, pomwe zoona ndi 54.

Ngati mwalemba pulogalamu yanu ndipo ikupereka manambala achilendo

Ophunzira zamakompyuta ambiri amayesa ntchito imeneyi, ndipo ndi yabwino pophunzirira. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyesa njira zonse. Makadi a osewera awiri akadziwika, otsala ndi 48, ndipo asanu a pakati angabwere m'njira 1,712,304, zomwe kompyuta imatha msanga. Koma makadi a mnzanu akakhala osadziwika, muchulukitse ndi 1,225, zifike 2,097,572,400 pa makadi anu awiri okhawo. Anthu akachuluka, nambalayo imakula mosaneneka.

Njira yachiwiri ndi ya Monte Carlo, yomwe Stanislaw Ulam ndi John von Neumann anaiyambitsa ku Los Alamos m'zaka za m'ma 1940, n'kutchedwa dzina la kasino ya ku Monaco. Kompyuta imagawa makadi mwachisawawa maulendo ambiri n'kuwerenga kuti mwapambana kangati. Ngati yankho likusinthasintha nthawi iliyonse mukaiyendetsa, si kuti pulogalamu yawonongeka, maulendo ndiwo achepa. Pa maulendo 1,000, kuphonya ndi peresenti imodzi ndi theka n'kwachizolowezi, ndipo nthawi zina imaphonya ndi atatu. Pa 10,000 kumatsika kufika pa theka la peresenti. Kuti kuphonya kuchepe kakhumi, maulendo ayenera kuchuluka ka 100. Musayerekeze A ndi K pa ma Q awiri, komwe kusiyana kwa suited ndi offsuit kuli 46 ndi 43, mutangoyendetsa maulendo 500.

Koma ngati yankho likukhazikika pa nambala yolakwika, ndiye kuti vuto lili m'malamulo omwe mwalemba. Onani ngati makadi ogawidwa kale akuchotsedwa m'paketi, chifukwa pulogalamu yotola khadi lililonse pa 52 nthawi zonse idzapereka A♠ kwa anthu awiri. Onani ngati ikusankha asanu abwino koposa pa makadi onse 7, zomwe zili ndi njira 21, kuphatikizapo njira yomwe asanu a pakati okha ndiwo akusewera. Munthu angakhale ndi mapeya atatu pa makadi 7, koma owerengedwa ndi awiri akuluakulu, ndipo khadi lachisanu likhoza kuchokera pa peya yachitatuyo. Akakhala ndi atatu a nambala imodzi ndi atatu a nambala ina, imeneyo ndi full house, kutanthauza atatu a nambala imodzi ndi awiri a nambala ina. Onaninso khadi loweruza, lomwe amati kicker: osewera awiri akakhala ndi peya yofanana, makadi atatu otsalawo ayerekezedwe limodzilimodzi kuyambira lalikulu. Zizindikiro siziposana mphamvu mu Hold'em, ♠ saposa ♥.

Cholakwika chomwe ndachipeza kawirikawiri kuposa zonse ndi cha A. Khadi limeneli ndi lalikulu pa 10, J, Q, K, A, koma limakhalanso laling'ono pa A, 2, 3, 4, 5, yomwe ndi straight yotsikitsitsa, ndipo imagonja kwa 2, 3, 4, 5, 6. Pulogalamu yoiwala zimenezi imatsitsa mwayi wa makadi ngati A ndi 5 kapena 4 ndi 3 mwakachetechete, moti mukangoyesa ndi ma K awiri simungazindikire. Kuzungulira ngati Q, K, A, 2, 3 si straight.

Musanakhulupirire nambala iliyonse yochokera mu pulogalamu yanu, iuzeni idutse m'njira zonse 2,598,960 zosankhira makadi asanu pa 52, n'kuwerenga gulu lililonse. Iyenera kupeza ma straight flush (straight ya chizindikiro chimodzi) 40, anayi a nambala imodzi 624, ma full house 3,744, ma flush 5,108, ma straight 10,200, atatu a nambala imodzi 54,912, mapeya awiri 123,552, peya imodzi 1,098,240, ndi opanda kalikonse 1,302,540. Ikakupatsani ma straight 9,180 ndi ma straight flush 36, pitani molunjika pa mzere womwe ukuwerenga A, chifukwa yaiwala A, 2, 3, 4, 5. Zonsezi zikagwirizana, yesani komaliza: werengerani mwayi wa njira zonse 1,326 pa munthu mmodzi wa makadi ongotola, muphatikize, mugawe ndi 1,326. Iyenera kubwera 50 peresenti. Ikatsika pang'ono pa 50, kulepherana sikukugawidwa pawiri.